Tsamba ndi la Eni Ake, Dzina ndi la Wogulitsa

Lolemba pa 4 Okutobala 2021, nthawi itatsala pang'ono kukwana 6 koloko madzulo, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pa dziko lonse. M'Malawi muno anthu anayamba ndi kunamizira netiweki. Ena anathimitsa foni n'kuyatsanso, ena anagula bandulo ina poganiza kuti yoyamba yatha. Vuto linali kutali, m'makina a kampani ya Facebook yomwe, ndipo linatenga pafupifupi maola 6. Kwa munthu wongocheza unali usiku wogona msanga basi. Koma kwa mtsikana wophika makeke amene makasitomala ake amawadziwa ndi maina a pa Facebook okha, wopanda nambala ya foni ya ngakhale mmodzi, panalibe njira yofunsira kuti keke ya mawa akaisiye kuti.

Chaka chimenecho chinali ndi zambiri za mtundu umenewu. Ku Zambia, pa tsiku la chisankho, 12 Ogasiti, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa mpaka nkhani inakafika kukhoti ku Lusaka. Ku Nigeria boma linaimitsa Twitter mu Juni, n'kudzaitsegula mu Januwale 2022. Izi zisanachitike, mu Juni 2020, dziko la India linali litaletsa TikTok, ndipo achinyamata amene ankadyera pamenepo anadzuka m'mawa n'kupeza kuti owatsatira awo onse apita limodzi ndi pulogalamuyo. Palibe amene anawafunsa maganizo.

Wachinyamata amene akuyamba geni pa foni ayambire pamenepa, asanafike pa za zithunzi zokongola. Tsamba limene akutsatsirapo malonda si lake. Lili ndi eni ake kutsidya kwa nyanja, ndipo eniwo amasintha malamulo tsiku limene afuna. Mu Januwale 2018 Mark Zuckerberg analengeza kuti Facebook iyamba kuika patsogolo zolemba za abale ndi abwenzi kuposa za makampani ndi mabizinesi. Kwa wogulitsa, izi zikutanthauza kuti tsamba likhoza kukhala ndi anthu 5,000 olitsatira, koma chithunzi cha nsapato zatsopano n'kuonedwa ndi kagulu kochepa chabe, pokhapokha mwini wake alipire. Kulipirako n'kwa khadi la kubanki, pa ndalama zakunja zimene amalonda akuluakulu omwe amachita kuzisaka.

Akuluakulu amene anakalambira pa malonda sadabwa nazo. Mu 2006, boma la Bingu wa Mutharika litachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda pa ntchito imene inkatchedwa Operation Dongosolo, anthu anataya malo amene anakhalapo zaka zambiri m'masiku owerengeka. Amene ankadalira odutsa m'njira okha anaona zakuda. Koma wogulitsa amene ankadziwa kuti mayi uyu amavala saizi yakuti, bambo uyu amalipira malipiro akatuluka ndipo sathawa, anthu ankamufunsa okha kuti wasamukira kuti, n'kumulondola mpaka mkati mwa msika. Benchi anaisiya, koma dzina anasamuka nalo.

N'chifukwa chake chida choyamba cha geni ya pa foni ndi kope la hadikava ndi cholembera. Aliyense amene wagula alembedwe: dzina, nambala ya foni, chimene wagula, saizi kapena mtundu umene amakonda, kumene amakhala, ndi tsiku. Achinyamata ambiri amaziona ngati zachikale, pomwe amatha kutchula pamtima kuti chithunzi cha dzulo chalayikidwa ndi anthu angati. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Anthu 300 olayika chithunzi akhoza kukhala anzake a kusukulu, achibale a ku Joni, ndi anyamata amene akungosirira nkhope ya wogulitsayo. Anthu 40 a m'kope aja anatulutsapo ndalama, ndipo akasamalidwa adzatulutsanso. Foni ikabedwa pa depoti, kapena tsamba likatsekedwa popanda chifukwa chomveka, geni imayambiranso pa kopelo.

Ndiye pali chizolowezi chimene chazika mizu pa masamba a mchezo kuno kwathu, chobisa mtengo. Munthu waika chithunzi cha diresi, anthu 30 afunsa pansi pake kuti ndi zingati, ndipo onse akulandira yankho limodzi loti abwere ku inbox. Ogulitsa ali ndi zifukwa zawo, ndipo si zonse zopanda mutu. Ena amaopa anzawo a katundu yemweyo, kuti angatsitse ndi K500 n'kuwalanda anthu. Ena anapsa ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 ndalamayi inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo munthu amene amaoda katundu ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg anapeza kuti mtengo umene analemba sabata yapitayo sungamubwezere ngakhale mpamba. Ndipo ena, kunena mosapsatira, amafuna ayambe aona chithunzi cha wofunsayo kuti adziwe ngati ndi wa ku Area 43 kapena wa ku Mtandire, kenako atchule nambala.

Wogula amazidziwa zonsezi, makamaka chomalizachi. Akangouzidwa za inbox amayamba kukayika kuti akufuna kumudyera masuku pamutu, ndipo poti bandulo yake ndi yowerengera, amangopita kwa amene walemba mtengo poyera. Mankhwala a kusinthasintha kwa kwacha ndi kulemba tsiku pambali pa mtengo, kuti aliyense aone kuti uwu ndi mtengo wa sabata ino, wa katundu amene alipoyu. Wofuna kunenerera adzanenererabe. Kunenerera ndi mwambo wa msika, ndipo kumakoma kukayambira pa nambala imene onse aimva.

Za zithunzi sizifuna ndalama zambiri, zimafuna kudekha. Mayi wogulitsa zitenje amene amaidziwa ntchito yake amazitulutsa m'mawa dzuwa lisanakule, n'kuzipachika pa chingwe mumthunzi wa khonde. Amayamba wapukuta kagalasi ka kamera ndi nsonga ya nsalu, chifukwa foni imene yagwiridwa ndi manja a mafuta a mandasi imatulutsa zithunzi zachimbuuzi. Amajambula katatu: chitenje chonse chotambasula, kenako pafupi kuti ulusi uoneke, kenako m'mphepete momwe mwalembedwa dzina la fakitale. Ngati pali pamene utoto unadontha amajambulaponso, n'kuchotserako pa mtengo. Pansi amalemba mayadi, mtengo, dera limene ali, ndi masiku amene amatumiza katundu ku Mzuzu kapena ku Zomba. Zonsezi n'za mphindi 10, ndipo munthu wa ku Karonga amene sanamuonepo mayiyo amatumiza ndalama mtima uli m'malo.

Mnzake amene akuthamangira kulemera amakopera chithunzi pa Instagram. Telala amaika diresi yosokedwa ku Lagos ngati yake, kalipentala amaika sofa ya m'sitolo ya ku Dubai. Oda imabweradi, koma tsiku lolandira katundu kasitomala amajambula chimene walandira, n'kuchiika pambali pa chimene anaitanitsa, ndipo zithunzi ziwirizo zimayenda m'magulupu onse a m'tauni. Kutsatsa malonda mwachinyengo ndi mlandu umene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo ake, ndipo wogulitsa zitsamba kapena mafuta amene akulonjeza kuchiza shuga ndi BP alinso ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA loti ayankheko. Koma nthawi zambiri kalata ya mabungwewa isanafike, anthu amakhala atagamula kale okha. Telala amene akuphunzira kumene aonetse siketi yosavuta imene wasoka bwino ndi manja ake. Ya ku Lagos ija adzaisoka chaka chamawa.

Pa zida zonse, chimene chagwira kwambiri kuno ndi WhatsApp, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amaigwiritsa ntchito osadziwa mmene imayendera. WhatsApp Business, imene inatuluka mu Januwale 2018 ndipo ndi yaulere, imalola wogulitsa kuika katundu wake yense ndi mitengo pamalo amodzi, kulemba nthawi imene amatsegula ndi kutseka, kuika uthenga woyankha wokha akakhala kutali, komanso kusiyanitsa amene alipira ndi amene sanalipire. Sitetasi imakhala maola 24, ndipo imaonedwa ndi anthu okhawo amene anasungirana nambala ndi wogulitsa. Uthenga wotumiza kwa anthu ambiri nthawi imodzi umalola maina 256 pa mndandanda, koma umafika kwa okhawo amene anasunga nambala ya wotumizayo. Choncho ntchito yaikulu imachitika pamaso ndi pamaso, pa nthawi yopereka katundu, pomupempha kasitomala mwaulemu kuti asunge nambala. Amene wavomera yekha ndiye adzaona malonda a mawa.

Kulowetsa anthu m'gulupu osawapempha ndi kupanda ulemu, ndipo amatuluka atakwiya. Kuika zithunzi 40 pa sitetasi tsiku limodzi ndi kudya bandulo ya eni ake, ndipo amangomutseka pakamwa wogulitsayo iye osadziwa. Zithunzi 5 zabwino m'mawa, anthu ali m'minibasi, ndi zina zochepa madzulo akaweruka, n'zokwanira.

Koma dzina la wogulitsa limayesedwa kwenikweni tsiku limene zinthu zalakwika. Mu 2008 woimba wa ku Canada, Dave Carroll, anakwera ndege ya United Airlines, ndipo ili pabwalo la ndege ku Chicago anthu a m'ndegemo anaona osenza katundu akuponya magitala. Gitala yake ya mtundu wa Taylor, ya madola 3,500, inafika itathyoka. Kwa miyezi pafupifupi 9 ankangomuponyerana, uyu akuti pitani kwa uyo, mpaka kampaniyo inakanitsitsa kulipira. Mu Julayi 2009 anaika pa YouTube nyimbo yosimba nkhani yonseyo, ndipo m'masiku owerengeka anthu oposa miliyoni imodzi anali ataionera. Apa m'pamene kampani inamufunafuna. Ndalama imene inkakanidwa ija inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi manyazi amene anatsatira, ndipo nkhaniyi inafika mpaka pophunzitsidwa m'masukulu a zamalonda.

Ena anachita mosiyana. Mu Febuluwale 2018 KFC ya ku Britain inasintha kampani yoiperekera nyama, ntchitoyo n'kupita kwa DHL. Zinthu zinasokonekera, nkhuku sizinafike, ndipo malesitilanti oposa theka mwa pafupifupi 900 anatsekedwa kwa masiku angapo. Kampaniyo inagula tsamba lathunthu m'nyuzipepala n'kupepesa poyera, kuvomereza kuti malo ogulitsira nkhuku opanda nkhuku si zinthu zabwino, ndipo inaika pa intaneti mndandanda wa malo amene atsegulidwa kuti anthu asayende ulendo wachabe. Mkwiyo unaphwa msanga, ndipo kupepesako kunatchuka kuposa vutolo.

Zoterezi zimachitika m'matauni athu Loweruka lililonse, kungoti pa ndalama zochepa. Keke ya chinkhoswe imene inayenera kufika 12 koloko yafika 4 koloko, anthu atatha kale kufupa, ndipo mbali imodzi yaphwanyika pa njinga yamoto. Usiku womwewo mayi ake a mkwati alemba pa Facebook, atchula dzina la geni, aika chithunzi, ndipo pansi pake anthu akuthira ndemanga. Mtsikana wophika uja manja akunjenjemera. Mtima ukumuuza kuti awabuloke, kapena aitane anzake akawatukwane, kapena atulutse mauthenga awo onse kuti dziko lione kuti dipoziti anaipereka mochedwa. Zonsezi zimakoma kwa ola limodzi. Chimene akuiwala n'chakuti sakulankhula ndi mayi amodziwo. Pali anthu mazana amene akuwerenga mwakachetechete, ndipo ena mwa iwo ali ndi ukwati mwezi wamawa. Iwo akudziwa kuti keke ikhoza kuchedwa kwa aliyense. Akudikira kuti aone mmene munthuyu amachitira zikavuta.

Yankho loyenera ndi lalifupi, ndipo lilembedwe pomwepo pamene adandaulira: “Pepani kwambiri mayi, keke inachedwadi ndipo kulakwa ndi kwathu. Tikuimbirani pompano kuti tikonze.” Kenako foniyo aimbedi, ndi mawu ofatsa, ndipo abweze gawo la ndalama ngakhale zikupweteka. Kuti magetsi anathima kapena wakabaza anasochera zikhoza kukhala zoona, koma zinenedwe pambuyo pa kupepesa, apo ayi zimamveka ngati kudzikanira. Pali makasitomala ena amabodza, amene amafuna katundu waulere poopseza kuti ayalutsa munthu. Amenewo ayankhidwe kamodzi, mwaulemu, ndi mfundo zoona za tsiku ndi nthawi, basi. Owerenga si ana, amadziwa kusiyanitsa.

Nthawi zina palibe katundu amene waonongeka, mawu okha ndiwo apha geni. Mu Sepitembala 2020 masitolo a Clicks ku South Africa, amene Amalawi ambiri okhala kumeneko amawadziwa bwino, anaika pa intaneti malonda a mankhwala a tsitsi a TRESemmé. Zithunzi za tsitsi la akazi achikuda zinalembedwa kuti ndi louma ndi loonongeka, pomwe tsitsi la mzungu linalembedwa kuti ndi labwinobwino. Anthu anajambula zimenezo n'kuzimwaza, chipani cha EFF chinatsogolera zionetsero, masitolo ambiri anatsekedwa, ndipo Clicks inapepesa n'kuchotsa katundu wa TRESemmé m'mashelefu. Chodabwitsa n'chakuti malondawo anadutsa m'manja mwa anthu ophunzira, olipidwa bwino, ndipo sanaimitsidwe.

Wachinyamata wa geni yaing'ono alibe ofesi yomuunikira zolemba, koma ali ndi azakhali, ali ndi mnzake wamaganizo. Asanaposite nthabwala yokhudza khungu, kunenepa, ulumali kapena mtundu wa anthu, aionetse kaye kwa munthu amene nthabwalayo ikumukhudza. Akaona nkhope yasintha, aifufute. Ndipo akumbukire kuti anthu sasiyanitsa tsamba la geni ndi tsamba la mwini wake. Kusereulana za Bullets ndi Wanderers kulibe vuto, anthu amaseka n'kugulabe. Koma amene watukwana anthu a chigawo china nthawi ya kampeni asadabwe maoda a kumeneko akauma. Sanamuyankhe, angosiya kugula.

Chinanso chimene chikufala ndi kuyalutsa angongole. Munthu watenga nsapato, mwezi watha, foni sakuyankha, ndiye wogulitsa akuika nkhope yake pa sitetasi ndi mawu akuti wakuba. Kupsa mtimako n'komveka, pakuti mpamba wa geni yaing'ono umathera mu ngongole zoterezi. Koma lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza ndi kunyoza munthu kudzera pa makina, ndipo anthu amangidwapo kale m'dziko muno chifukwa cha zimene analemba pa foni. Mu 2024 kunabweranso lamulo la Data Protection Act, loteteza mbiri ya munthu monga nambala ndi zithunzi zake. Kupatula malamulowo, makasitomala ena onse akaona nkhope ya mnzawo pa sitetasi amadzifunsa kuti tsiku limene iwo adzachedwe kulipira zidzatha bwanji. Ngongole itsatidwe pa foni, kapena kudzera mwa munthu amene onse awiri amamulemekeza, kapena kukhoti. Kuli bwinonso kungosiya kukongoza anthu osawadziwa. N'chimodzimodzi ndi zithunzi za makasitomala okondwa: mayi amene wavala diresi yatsopano afunsidwe kaye asanaikidwe pa tsamba, ndipo uthenga wake woyamikira uikidwe nambala yake itabisidwa.

Pomaliza pali ndalama. Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo n'zimene zinatheketsa kuti munthu wa ku Nsanje agule kwa munthu wa ku Mzuzu osaonana. Akathyali nawo anaphunzira msanga. Amatumiza chithunzi chabodza chosonyeza kuti alipira, kapena uthenga wofanana ndi wa kampani ya foni, n'kumafulumizitsa kuti katundu akwere basi ikunyamuka. Wogulitsa asakhulupirire chithunzi. Aone yekha balansi mu akaunti yake, ndipo katundu atuluke ndalama zitaoneka. Nambala yolandirira ndalama ikhale imodzi, yosasinthasintha, ndipo dzina limene limatuluka potumiza lilembedwe poyera pa tsamba, chifukwa akuba amatha kutsegula tsamba lofanana ndi lake, zithunzi zomwezo, n'kumatolera madipoziti m'dzina lake. Akazindikira zimenezi achenjeze makasitomala ake tsiku lomwelo, kuyambira ndi a m'kope aja.

WhatsApp nayo imabedwa popanda kuba foni. Munthu amaimba, mwina akudzitcha wa kutchalitchi kapena wa gulupu ya sukulu, n'kupempha kuti amuwerengere manambala 6 amene angofika pa uthenga. Amene wawerenga wapereka akaunti yake yonse, ndipo patangopita mphindi zochepa makasitomala ake amayamba kulandira mauthenga opempha ndalama. Manambala amenewo saperekedwa kwa wina aliyense, ndipo WhatsApp ili ndi malo oikira nambala yachinsinsi yachiwiri imene imatseka khomo limeneli. Ngati tsamba la geni likuyendetsedwa ndi mphwake, chibwenzi kapena wantchito, mwini geni akhale ndi ulamuliro waukulu yekha, pa imelo ndi nambala ya foni yake. Tsiku limene asiyana ndi womuthandizayo, kaya mwamtendere kaya mokangana, mawu achinsinsi asinthidwe tsiku lomwelo, asanayambe n'komwe kuwerengerana katundu wotsala m'shopu.